Boti lothamanga la chipinda kapena lotseguka: zimene ndimauza ofuna kugula la ku Siavonga

Funso limene limabwera kawirikawiri ku garaja kwanga kuno ku Lusaka silikhala la injini, ngakhale kuti injini za maboti ndizo zimandidyetsa. Munthu akapeza tindalama n'kuyamba kukonda Siavonga, tauni ya m'mbali mwa nyanja ya Kariba, amafika foni ili m'manja kudzandionetsa zithunzi ziwiri. China ndi cha boti lalitali losongoka, lotsekedwa kutsogolo konse, mkati muli bedi, kasinki, firiji ndi chimbudzi. China ndi cha boti lotseguka, chiwongolero chili pakati, injini ziwiri zili lendelende kumbuyo. "Bwana makaniko, nditenge liti?" Ndayankha mpaka kukamwa kwauma, ndiye ndati ndilembe kuti wotsatira ndizingomutumizira.

Ndinene poyamba pamene ndaima, kuti musadzati ndinakubisirani. Ine chipinda chogona m'boti lopangidwira liwiro sindichifuna, ndipo ndili nacho chifukwa. Koma tiyambe tasiyanitsa maboti ake, pakuti alipo a mitundu itatu. Mtundu woyamba ndi wa chipinda chathunthu pansi pa denga lalitali lakutsogolo, monga Cigarette 38 Top Gun kapena ma Fountain, injini zili mkati chakumbuyo. Wachiwiri ndi wa liwiro lokhalokha, makamaka ma catamaran (maboti a mimba ziwiri) a makampani a Skater ndi MTI, mmene mulibe china koma mipando ndi injini. Wachitatu ndi centre console, lotseguka, woyendetsa ali pakati pansi pa kadenga, injini za outboard, zija zolendewera kunja, zili kumbuyo, ndipo aakulu ake amakhala ndi kachimbudzi mkati mwa console momwemo, chibokosi chija pamene pamakhala chiwongolero.

Mtundu wachiwiriwo ndithane nawo pompano. Ndi wa anthu a mpikisano ndi aja ndalama zimawayabwa. Pa Kariba mitengo ya mupani imene inamira damu litatha mu 1959 idakali chiimire m'madzi, ina nsonga zake zili chibisalire pansi pang'ono, ndipo madzulo zombo za kapenta zimadzaza nyanja. Kuthamanga makilomita 200 pa ola pamenepo ndi kuitana maliro. Mkangano weniweni uli pakati pa woyamba ndi wachitatu.

Okonda chipinda mbiri ili kumbali yawo, ndipo sindingawatsutse pamenepo. Boti limene linasintha zinthu ndi Moppie, la mamita 9 ndi pang'ono, limene C. Raymond Hunt analijambula pansi pake posongoka ngati V kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo. Dick Bertram anapambana nalo mpikisano wochoka ku Miami kupita ku Nassau mu 1960 nyanja itawinduka, ndipo mtundu wa boti wotchedwa Bertram 31 unabadwira pamenepo. Chaka chotsatira Sir Max Aitken anayambitsa mpikisano wa Cowes-Torquay ku England, ndipo cholinga chake chinali choti pakhale maboti othamanga oti banja lingayende nawo panyanja mosaopa. Maboti ambiri amene ankapikisana zaka zimenezo, monga Fairey Huntsman, anali ndi zipinda ndi mabedi. Koma funsani liwiro lake. Tommy Sopwith, amene anapambana mu 1961, ulendo wonse ukawerengedwa sanafike ndi makilomita 50 pa ola. Lero boti wamba la okawedza nsomba za tiger limapitirira pamenepo. Pa liwiro limenelo chipinda chinali ndi ntchito.

Kenaka kunabwera Don Aronow ku Miami, amene anayambitsa makampani a maboti a Formula, Donzi, Magnum, ndipo mu 1969 Cigarette. Maboti ake anali aatali ndi owonda kuti azidumpha kuchoka pa funde lina kukatera pa lina, anthu ndi injini zonse zili kumbuyo. Kutsogolo kunatsala dzenje lalitali lopanda kanthu. Poyamba kugulitsa maboti otere kwa anthu wamba, opanga anayala matiresi m'dzenjemo, kenaka kalilole, kenaka firiji. Mmene ndimaonera ine, chipinda chinalowa m'maboti amenewa chifukwa malo analipo, osati chifukwa wina ankachisowa.

Ndipo malo ake ndi oipa kuposa onse m'boti. Boti likanyamuka n'kukwera pamwamba pa madzi, limayenda ndi gawo lakumbuyo, ndipo mphuno ndiyo imakwera ndi kugwa. Likatera pa funde, kugunda kwakukulu kumamveka kutsogolo. N'chifukwa chake woyendetsa amaima kumbuyo, mawondo atapinda pang'ono. Chipinda chili kuti? Kutsogolo komweko. Kariba si kadziwe ayi, ndi nyanja yaitali kupitirira makilomita 220, ndipo mphepo ikadzuka mafunde ake amakhala afupiafupi, othithikana, ogunda ngati nyundo. Wina akati mwana akagone m'kati pamene tikubwerera, ine ndimakana. Ndinatsegulapo chipinda boti litabwera ku ulendo wa mphepo: chitseko cha kabati chitazuka ndi zomangira zake, botolo la tomato sosi litaphulikira pa denga, kalilole atang'ambika pakati. Pamenepo munali mopanda munthu. Ndiye chipinda chimagwira ntchito boti litaima basi, pomwe inu mwalipira ndalama zambiri chifukwa choti limathamanga.

Kulemera nakonso musakuderere. Lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi, ndiye thanki ya madzi osamba ya malita 100 ndi munthu wamkulu wonenepa amene wakwera osalipira. Onjezani thanki ya zonyansa za m'chimbudzi, makabati, firiji, mabatire owonjezera, jenereta, makina oziziritsa mpweya, ndi zonse zimene mayi a kunyumba adzalongedzamo poona kuti muli makabati. Boti lolemera limachedwa kunyamuka, limayenda mphuno ili m'mwamba kwa nthawi yaitali, ndipo nthawi imeneyo ndi imene petulo amathera. Makaniko aliyense amadziwa kuti injini ya petulo ikatsegulidwa yonse imamwa malita pafupifupi 35 mpaka 40 pa ola pa horsepower 100 iliyonse. Injini ziwiri za 300 ndiye kuti malita oposa 200 pa ola. Palibe amene amayenda atatsegula yonse tsiku lathunthu, koma boti lolemera limafuna kuti muzikankha kwambiri kuti lisagwe pa liwiro lake, pamene lopepuka mumabweza pang'ono n'kumayandamabe pamwamba. Kusiyanako mudzakuonera pa pampu ya ku Siavonga.

Zonsezo ndikanazipirira. Chimene chinandidanitsa ndi zipinda ndi boti la alamu anga.

Alamu anagula boti la chipinda, logwiritsidwapo kale ntchito, kwa wogulitsa wina wa ku South Africa. Zithunzi zinali zokongola, ndipo litafika linalidi lokongola: mipando yoyera, kapeti yatsopano, m'chipinda mukununkhira mankhwala aja opopera m'galimoto. Fungo la mankhwalalo litatha m'pamene linatuluka lina. "Alamu, tabwerani mudzanunkhize, kapena ndi mphuno yanga," anatero pa foni. Sinali mphuno yawo. Anali petulo.

Nthunzi ya petulo ndi yolemera kuposa mpweya, siuluka, imatsikira pansi pa boti n'kukhala pomwepo kudikira moto. N'chifukwa chake maboti a injini zamkati amakhala ndi chopemerera chimene muyenera kuyatsa kwa mphindi 4 musanalize injini. Ndinawauza alamu kuti asakhudze kiyi. Ndinayang'ana mapaipi, anali bwino. Zosefera, zili bwino. Kunatsala thanki. Thanki yake ya aluminiyamu inayambira pansi pa mipando ya woyendetsa n'kukalowa pansi pa chipinda, itakwiriridwa mu thovu lija louma, pamwamba pake atamata faiba. Polowera panali kabowo kamodzi kozungulira, kongokwana dzanja, pamwamba pa geji. Wopanga boti sanaganizepo kuti tsiku lina munthu adzafuna kuitulutsa.

Tinayamba ndi kumasula bedi. Kenaka kabati ya sinki, imene zomangira zake zinabisika kuseri kwa nsalu ya pakhoma, ndiye nsalu nayo inayenera kumatulidwa, ndipo nsalu yomatidwa ndi guluu simatuka kuti mudzaibwezeretse. Kuseri kwake kunali mizere yakuda ya chuku yotsika kuchokera pa zenera la padenga ndi pa mabawuti a zitsulo zogwirira. Madzi anakhala akudontha kwa zaka, akuyenda kuseri kwa nsalu mosaoneka, n'kumakathera pansi. Titadula pansipo ndi girayinda, thovu linali lonyowa moti ukalifinya limatuluka madzi abulauni onunkha petulo. Thanki pansi pake panali ufa woyera ndi timabowo ting'onoting'ono ngati tobayidwa ndi singano. Aluminiyamu ikakhala pouma imakhala zaka, koma ikagona m'madzi osauma, makamaka amchere, imadyeka choncho. Ndinatenga sikuludiraiva n'kubaya thabwa limodzi la msana wa boti, aja amagwira pansi kuti pasapindike. Inalowa yonse mpaka chogwirira, osalimbana nayo. Thabwa linali lakuda, lofewa, likunyenyeka m'zala. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Wogulitsa atauzidwa anayankha kuti boti linagulitsidwa mmene linalili, ndipo kenaka anasiya kuyankha foni. Kapeti yatsopano ija ndi mankhwala onunkhira aja tinazimvetsa tsopano.

Bilu yake sinali ya makaniko mmodzi. Panafunika wowotcherera aluminiyamu kuti apange thanki ina, wa faiba kuti amange msana ndi pansi, kalipentala kuti abwezeretse makabati amene sanafune kukwananso m'malo mwake, ndi wosoka mipando. Aliyense amadikira mnzake amalize. Mankhwala a faiba abwino ndi oitanitsa. Nyengo yotentha yonse, imene tiger amadya nyambo bwino, boti linaithera pa matayala kuseri kwa garaja, alamu akubwera Loweruka lililonse kudzaliyang'ana manja ali m'thumba. Ndalama zimene zinalowa pamenepo zikanagula injini ina ya outboard yabwino ndithu, ndipo pafupifupi theka lake silinapite ku vuto lenileni koma ku kuphwasula ndi kumanganso chipinda chimene chinaima panjira.

Wina anena kuti centre console nayo thanki yake imakhala pansi pa dekhi, ndipo nayo imatha kuwola. N'zoona. Ena mwa iwo nawonso amafuna kudulidwa. Koma pamwamba pake pamakhala poyera, opanga ambiri amaika chivundikiro chomanga ndi zomangira, ndipo ngakhale mudule, mukudula malo afulati amene wa faiba amatseka mosavuta. Palibe bedi, palibe nsalu, palibe kabati. Madzi akalowa mumawaona tsiku lomwelo.

Tsopano kutentha. Aliyense amene anafikako ku chigwa cha Zambezi mu Okutobala akudziwa. Chipinda cha boti lothamanga ndi chachifupi, munthu suimirira, mazenera ndi ang'onoang'ono chifukwa zenera lalikulu limafooketsa denga, ndipo dzuwa limawomba pa faiba tsiku lonse. Masana simungakhalemo. Usiku mukatsegula zenera la padenga udzudzu ukupezani. Mukatseka mufuna choziziritsa mpweya, chimene chimafuna jenereta, ndipo jenereta ya petulo yolira usiku pafupi ndi anthu ogona m'kachipinda kotseka ndi imene ndimaiopa kuposa mafunde. Utsi wake uli ndi carbon monoxide, mpweya wosanunkha, wosaoneka, umene munthu amangogona nawo osadzukanso. Ngakhale poyenda pang'onopang'ono, utsi wa injini umatha kubwerera kuchokera kumbuyo n'kulowa pa chitseko cha chipinda. Amene muli nalo kale boti lotere, gulani kachipangizo kolira kakamva mpweya umenewu, ndipo muzikayesa. Kadenga ka centre console kamapereka mthunzi mphepo ikudutsa, ndipo pa Kariba mthunzi ndi umene munthu amaufuna.

Pali chinthu chimodzi chimene a zipinda amandigonjetsa nacho, ndipo mlongo wanga ndiye anandiuza mosapita m'mbali: chimbudzi. Ife amuna timaiwala. Pa Kariba sungati ndidumphire m'madzi kapena tikocheze pa gombe lililonse, ng'ona ndi mvuu zili ponseponse. Mayi, mwana wamkazi, apongozi amene mwawatenga kuti akaone nyanja, onsewa amafuna malo a chitseko, posinthira zovala ndi podzithandizira mwaulemu. Boti lopanda malo otero ndi la amuna okhaokha, ndipo posakhalitsa kunyumba adzayamba kufunsa chifukwa chake ndalama za banja zinagula chinthu chimene banja silikwera. "Achimwene, inu mumangoona injini," anatero mlongo wangayo, ndipo sananame. Koma chofunikacho ndi chimbudzi ndi chitseko, osati bedi la anthu awiri, sinki ndi kalilole. Centre console yokulirapo ili nazo kale mkati mwa console, pakati pa boti pamene kugunda kuli kochepa. Kachimbudzi konyamula m'manja, kokataya kumtunda, n'kokwanira, ndipo kamakupulumutsani ku mapaipi ndi thanki ya zonyansa imene ikatentha fungo lake limalowerera mpaka m'matiresi.

Ogulitsa amakonda kunena kuti chipinda ndi chitetezo, n'kukuonetsani maboti a mpikisano otsekedwa pamwamba. Zimenezo n'zosiyana. Stefano Casiraghi, mwamuna wa Princess Caroline wa ku Monaco, anafa mu 1990 boti lake lotseguka litagubuduka pa mpikisano, ndipo m'zaka zotsatira maboti akuluakulu a mpikisano anasamukira ku zivundikiro zolimba zonga za ndege zankhondo, oyendetsa atamangidwa malamba, mpweya wopumira uli pafupi, pansi pali potulukira boti likatembenuka. Chimenecho ndi chigoba chotetezera anthu awiri, mulibe firiji. M'chipinda cha matiresi boti likatembenuka, khomo lake limodzi lija limakhala pansi pa madzi. Chimene ndingavomere n'chakuti denga lotseka kutsogolo limakankhira kumbali funde limene likanagwera mkati. Boti lotseguka liyenera kukhala ndi mabowo aakulu otulutsa madzi, ndipo muziwachotsa zinyalala.

Msewu nawo uli ndi mawu ake. Kuchoka ku Lusaka kukafika ku Siavonga ndi makilomita pafupifupi 200, kudutsa pa Shimabala ndi Kafue, kenaka mapiri aja otsikira ku Chirundu kumene malole amatenthera mabuleki. Boti la chipinda ndi lolemera ndi lalitali msinkhu, limafuna ngolo ya matayala ambiri yokhala ndi mabuleki ake, ndi galimoto yoti ingaligwire potsetsereka. Mu 2024, chilala chitatsitsa madzi a Kariba mpaka tonse kuno tinkakhala mu mdima maola ambiri pa tsiku, malo otsitsira maboti ambiri anatsala kumtunda, pakati pali matope. Lopepuka munkalikankha anthu angapo. Lolemera linkafuna thirakitala.

Zina ndingodutsamo. Kukongola, boti la denga lalitali limapambana, palibe kutsutsa, ndipo kulira kwa injini za V8 zamkati kumandisangalatsa ngakhale ine. Kutsekera katundu kuti akuba asatole, chipinda chimathandiza. Kuwedza, centre console, chifukwa tiger akagwira mbedza umafunika kuzungulira boti lonse. Kukonza injini, outboard ndimaigwira nditaimirira, yamkati ndimaigwira mutu uli pansi miyendo m'mwamba. Mphamvu sichilinso chifukwa chosankhira injini zamkati: Yamaha inatulutsa outboard ya horsepower 425 mu 2018, Mercury Racing ya 450R mu 2019, ndipo Mercury inabweretsa V12 ya 600 mu 2021. Ngakhale Cigarette yeniyeniyo lero imapanga ma centre console akuluakulu.

Ndiye mukandifunsa, ndikuuzani centre console ya kadenga, ya kachimbudzi mu console, injini ziwiri kuti ina ikafa mubwerere ndi inzake. Mukafuna kugona pamadzi, ku Siavonga kuli ma houseboat obwereka, a mabedi enieni, khitchini ndi wophika, ndipo boti lanu lothamanga mumalimangirira kumbuyo. Amene ndingamulole chipinda ndi woyenda maulendo aatali pa Tanganyika kuchokera ku Mpulungu, kumene magombe ena alibe pogona ndipo mvula ikakupeza pakati ulibe kothawira, koma ameneyo asagule boti la liwiro, agule lolemera loyenda modekha, la dizilo.

Ngati mtima wakana ndithu, mukufuna la chipinda basi, musatumize ndalama musanatumize munthu wanu. Akafike m'mawa boti lisanatsegulidwe, alowetse mutu m'chipinda n'kununkhiza. Akweze kapeti, agogode pansi ndi chogwirira cha sikuludiraiva kumvetsera pamene pakulira mofewa, ayang'ane kuseri kwa nsalu pansi pa zenera la padenga. Kenaka afunse wogulitsa kuti thanki ya petulo imatulukira pati, ndipo amuuze aloze ndi chala.